Tisafunefune liwu limodzi la Chichewa lomasulira “subject”

Mtsutso wa chiyankhulo chophunzitsira ana ukangobuka, pamatuluka mfundo imodzi yosakalamba, yoti Chichewa n'chosauka mawu. Idamveka mu 1996 pamene unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo. Idamvekanso mu 2014 pamene boma, potsatira lamulo la zamaphunziro la 2013, lidalengeza kuti Chingerezi chiziyambira Sitandade 1. Imamvekabe munthu akafunsa chifukwa chomwe ndime 51 ya malamulo oyendetsera dziko lino imanenera kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Umboni womwe anthu amapereka umakhala wamtundu umodzi. Amatchula liwu la Chingerezi, n'kukufunsa kuti pa Chichewa ndi chiyani, ndipo ukayankha kuti zitengera chiganizo chake, amati wagonja. Liwu loti “subject” ndi loyenera kuyeserapo mfundoyi, chifukwa limapezeka m'kalasi, kukhoti, kuchipatala, pa kalata ya ntchito ndi pabwalo la mfumu. Maganizo anga ndi awa: liwuli lilibe mnzake mmodzi m'Chichewa, siliyeneranso kukhala naye, ndipo womasulira kapena mphunzitsi wolikakamiza kuti likhale ndi tanthauzo limodzi amasocheretsa anthu pa zinthu zokhudza ndalama, ntchito ndi matupi awo.

Tiyambe ndi kumene liwuli lidachokera. Gwero lake ndi Chilatini: “sub” ndi pansi, “iacere” ndi kuponya, choncho “subiectus” ndi chinthu choikidwa pansi pa china. Pamenepa padaphuka nthambi ziwiri. Yoyamba ndi ya munthu wokhala pansi pa ulamuliro wa mfumu, ndipo idalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa m'zaka za m'ma 1300. Yachiwiri idadzera mwa akatswiri omwe ankamasulira m'Chilatini liwu la Chigiriki la katswiri wa nzeru zakuya Aristotle, “hypokeimenon”, lonena za chinthu chogona pansi ngati maziko, chomwe zonena zonse zimamangidwapo. Nthambi yachiwiriyi ndiyo idabala mutu wa nkhani, phunziro la kusukulu ndi mwininkhani wa m'chiganizo. Eni ake a Chingerezi amasiyanitsanso katchulidwe: likakhala dzina amatsindika phatikizo loyamba, likakhala mneni amatsindika lachiwiri. Zonsezi zidakumana m'liwu limodzi chifukwa cha njira yomwe Chingerezi chidayenda. Palibe chifukwa choti Chichewa, chomwe chidayenda njira yakeyake, chiziunjikenso pamodzi.

Otsutsa oyamba amati chiyankhulo chomwe chimafuna mawu asanu kapena khumi pomwe china chikugwiritsa ntchito limodzi n'chosakhwima. Mfundo yawo ili ndi mbali yoona, yoti pali zinthu za sayansi ndi za malamulo zomwe sitidagwirizanebe mayina ake. Koma muyeso wawo ndi wolakwika, ndipo kuti muone kulakwika kwake ingoutembenuzani. Tengani liwu loti mutu. Pali mutu wa munthu, mutu womwe munthu amati ukumupweteka, mutu wa nkhani, mutu wa banja, mutu wa m'buku womwe umakhala ndi ndime zake, ndi mutu womwe timati munthu alibe akamachita zopusa. Mngerezi amafunika mawu osiyanasiyana pa zimenezi, koma palibe amene amati Chingerezi n'chosauka. Mtengo wodula ndi nkhwangwa ndi mtengo wa sopo m'sitolo amalembedwa chimodzimodzi, amangosiyana kamvekedwe. Ngakhale liwu loti phunziro, lomwe ambiri amathamangira pomasulira “subject”, lili ndi katundu wake: ndi Masamu kapena Ulimi pa ndandanda ya kalasi, ndi gawo limodzi la ntchito ya tsikulo lomwe mphunzitsi wakonzekera, komanso ndi zomwe munthu amatolapo pa zomwe zamugwera. Chiyankhulo chilichonse chili ndi mawu osenza matanthauzo ambiri, kungoti katunduyo chimamumanga m'mitolo yosiyana ndi ya china.

Komanso pali malo omwe Chichewa chimagawa bwino kuposa Chingerezi cha m'kalasi, ndipo chitsanzo chake ndi malamulo a chiyankhulo. Ana ambiri amaphunzitsidwa kuti “subject” ndi wochita ntchito m'chiganizo. Tanthauzoli limagwira pa chiganizo chonga “Fisi wagwira mbuzi”, koma limagwa mneni akangolowa mu msintho wochitidwa. Mu “Mbuzi yagwidwa ndi fisi”, wochita ntchito akadali fisi, koma chiganizocho chikunena za mbuzi. Chichewa cha kusukulu chili ndi mayina awiri pa zinthu ziwirizi: mchitantchito ndi fisi, mwininkhani ndi mbuzi. Njira yopezera mwininkhani ndi yosavuta, ndipo mwana wa Sitandade 5 akhoza kuitsata. Sinthani dzina limodzi kuchoka pa chimodzi kupita pa zambiri, kenako onani ngati mgwirizanitsi wa kumayambiriro kwa mneni wasintha. Mbuzi zikachuluka, chiganizo chikhala “Mbuzi zagwidwa ndi fisi”, ya- wasanduka za-. Afisi akachuluka, chikhala “Mbuzi yagwidwa ndi afisi”, mneni sadagwedezeke. Dzina lomwe lakoka mneni ndilo mwininkhani. Lamulo loti mwininkhani amakhala koyambirira kwa chiganizo nalonso si lodalirika kwa ife, chifukwa munthu wokwiya amatha kunena kuti “Zathyola mpanda ng'ombe zanuzi”, ndipo za- akulozabe ng'ombe ngakhale zili kumapeto.

Pali china chozama kuposa apa. Timati “Kumudzi kwabwera alendo” kapena “Pamsika pafika nsomba”. Mukafunsa kuti wabwera ndani, yankho ndi alendo, koma mneni sakuti abwera, akuti kwabwera, kutsatira kumudzi. Akatswiri a ziyankhulo Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva adaunika ziganizo zamtunduwu mu 1989 n'kuonetsa kuti m'Chichewa malo amatha kukhala mwininkhani weniweni wa chiganizo. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1987, Bresnan yemweyo ndi Sam Mchombo adafotokoza momwe agwirizanitsi a mneni wa Chichewa amagwirira ntchito ngati alowam'malo. N'chifukwa chake mawu amodzi onga “Zapsa” kapena “Kwacha” ndi chiganizo chathunthu, pomwe Mngerezi amayenera kuikapo “it” ngakhale pakhale popanda chinthu cholozedwa. Akatswiri a ziyankhulo a kunja amaphunzira za mwininkhani pogwiritsa ntchito ziganizo zathu. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa kuno aziuzidwa kuti chiyankhulo chake chilibe liwu la chinthu chimenechi.

Otsutsa achiwiri ndi anthu othandiza, ndipo ndimawamvetsa. Iwo amati tingobwereka liwulo monga tidabwerekera sukulu, buku ndi sopo, makamaka poti ophunzira amanena kale kuti “ndakhoza ma subject sikisi”. Pa tanthauzo la kusukuluko sindikutsutsa. Mwana akamawerengera zotsatira za MSCE, podziwa kuti satifiketi imafuna maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, aliyense amamva zomwe akunena. Koma taonani chomwe chimachitika liwu likabwerekedwa: limabwera ndi tanthauzo limodzi, ena onse amatsala. Sitolo ndi malo ogulitsira zinthu basi, ngakhale liwu lomwe tidabwerekalo limanenanso za kusunga zinthu. Momwemonso “subject” wa pakamwa pa Mmalawi ndi Bayoloje ndi Jogalafe. Tsono mwana yemweyo akafika Fomu 2 kapena 3 amakumana ndi funso la masamu loti “make T the subject of the formula”, ndipo tanthauzo lomwe akulidziwa silimuthandiza. Chomwe funsolo likufuna n'choti T atsale yekha mbali imodzi ya chizindikiro cha kufanana. Pa chiwongoladzanja wamba, I = PRT/100 (I ndi chiwongoladzanja, P ndi ndalama yokongoledwa, R ndi chiwongoladzanja cha pa 100 iliyonse pachaka, T ndi zaka), muchulukitse mbali zonse ziwiri ndi 100, kenako mugawe mbali zonse ziwiri ndi PR, ndipo mupeza T = 100I/PR. Ngati munthu adakongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 iliyonse pachaka, ndipo chiwongoladzanjacho chafika K15,000, ndiye kuti 1,500,000 kugawa ndi 500,000, zomwe ndi zaka 3. Ana ambiri amalakwa pogawa mbali imodzi yokha, kapena posiya T mbali zonse ziwiri. Mphunzitsi akati “msiyeni T yekha”, mwana amadziwa pomwe ntchito ithere. Liwu lobwerekalo silimuuza chilichonse.

Kubwereka kumavuta kwambiri liwuli likamanena za munthu. Nyuzipepala za Chingerezi zimalemba kuti mfumu yalangiza “subjects” ake, ndipo pa Chichewa timangoti yalangiza anthu ake, mawu omwe ali ndi ubale mkati mwake, poti mfumu ndi ya anthu ndipo anthu ndi a mfumu. Munthu yemweyo pamaso pa boma ndi nzika, ndipo nzika imasankha ndi kuchotsa olamulira. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake kuno. Dziko lino lidakhala pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, ndipo Afirika a ku Nyasaland mwalamulo ankatchedwa “British protected persons”, osati “British subjects”, pomwe Southern Rhodesia idalandidwa kotheratu n'kukhala gawo la ufumu wa Britain mu 1923. Atsogoleri omwe ankakana chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ankatsamira pa mfundo yoti dziko lawo ndi lotetezedwa chabe, silidaperekedwe. Titalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, Elizabeth II adakhalabe mfumukazi ya Malawi kwa zaka ziwiri, mpaka dziko lidakhala lipabuliki pa 6 Julaye 1966. Wolemba buku la mbiri amene angamasulire mawu onsewa ndi liwu limodzi, kaya nzika kaya lobwereka, wafafaniza nkhani yomwe makolo athu ankaimenyera.

Kuchipatala nkhaniyi imafika pathupi penipeni. Kwa zaka zambiri ofufuza ankatcha munthu woyesedwa mankhwala kuti “subject”, ndipo liwulo limamveka ndithu ngati la chinthu choikidwa pansi pa wina. Ku Tuskegee, m'dziko la America, amuna akuda odwala chindoko adasiyidwa osapatsidwa mankhwala oyenera kuyambira 1932 mpaka 1972 kuti ofufuza aone momwe matendawo amayendera. Chikalata cha Helsinki, chomwe madokotala a dziko lonse lapansi adagwirizana mu 1964 kuti chiziwongolera kafukufuku wa pa anthu, chidakonzedwanso mu 2024 ndipo chidachotsa liwuli n'kuikapo “participants”. Makalata opempha chilolezo omwe amadutsa m'makomiti ounika kafukufuku wa zaumoyo kuno amati otenga nawo mbali, ndipo mawu amenewa amauza mayi wa ku Chiradzulu kuti akhoza kuvomera, kukana, kapena kusiyira panjira. Tikadabwereka liwulo, bwenzi tikulowetsa m'Chichewa chinthu chomwe eni ake akuchitaya.

Otsutsa achitatu ndiwo ali ndi mfundo yolemera kuposa onse. Awa ndi maloya, olemba mayeso ndi okonza ndandanda za mawu. Amati womasulira aliyense akamasankha yekha, chikalata chimodzi chidzakhala ndi Chichewa chitatu, ndipo kukhoti anthu adzakangana pa mawu m'malo mwa mlandu. Ndikuvomereza kuti m'chikalata chimodzi tanthauzo limodzi liyenera kukhala ndi liwu limodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Buku la Chichewa likayamba ndi mwininkhani lisasinthe pakati. Chomwe ndikukana ndi kulumpha kuchoka pamenepa n'kunena kuti liwu limodzi la Chingerezi likhale ndi liwu limodzi la Chichewa. Mfundo ziwirizi n'zosiyana, ndipo yachiwiriyi ndiyo imabala zolakwika zoopsa. Umboni wake ndi timawu tiwiri toti “subject to”, tomwe timapezeka pafupifupi m'mgwirizano uliwonse wolembedwa.

Timawuti timagwira ntchito zosachepera zisanu. Poyamba, timaika chofunika kuti chichitike kaye. Kalata ikati mwapatsidwa ntchito “subject to a satisfactory medical report”, Chichewa chake n'choti mudzayamba ntchito pokhapokha lipoti la dokotala litaonetsa kuti muli bwino, ndipo lisanatuluke musasiye ntchito yanu yakale. Kachiwiri, m'malamulo timaonetsa ndime yomwe ili pamwamba pa inzake. “Subject to section 5” akutanthauza kuti ndime ino ikasemphana ndi ndime 5, yopambana ndi ndime 5, ndipo mawu otsutsana nawo ndi “notwithstanding”, omwe amapereka mphamvu ku ndime yomwe mukuwerengayo. Kachitatu, timanena za chodulidwa. Tiyerekeze kuti mwagwirizana malipiro a K200,000 “subject to” msonkho wa 10 pa 100 iliyonse: m'manja mulandira K180,000, ndipo Chichewa chiyenera kunena poyera kuti adzadulapo. Kachinayi, timachenjeza za chomwe chikhoza kuchitika, monga mitengo yomwe ikhoza kusintha, kapena malo a ku Nsanje ndi Chikwawa omwe amasefukira madzi kawirikawiri. Kachisanu, timanena za kuchitiridwa chinthu, ndipo apa Chichewa sichifuna liwu lapadera nkomwe. Ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko imagwiritsa ntchito liwuli poletsa nkhanza ndi kuyesa mankhwala pa munthu popanda chilolezo chake. Ife timangoti munthu asazunzidwe, asayesedwe, ndipo msintho wa mneni wasenza zonse.

Msampha womwe omasulira ambiri amagwamo ndi mawu oti malinga ndi. Amaoneka oyenera chifukwa malinga payekha amatha kuika chofunika, monga tikati “ubwera malinga ukhale ndi tikiti”. Koma malinga ndi nthawi zambiri amamveka ngati potengera zomwe wanena wakutiwakuti. Choncho “mwalembedwa ntchito malinga ndi lipoti la dokotala” zikumveka ngati dokotala wavomereza kale, ndipo “malinga ndi ndime 5” zikumveka ngati ndime 5 ndiyo ikupereka mphamvu, pomwe kwenikweni ikuchepetsa mphamvuyo. Tanthauzo latembenuka, koma chiganizo chikuwerengeka bwinobwino, ndipo woona zolakwika za kalembedwe sangachigwire. Ndandanda yomwe ingalembe kuti “subject to” ndi malinga ndi idzachititsa kuti cholakwikachi chizibwerezedwa mofanana m'chikalata chilichonse. Tidali ndi Chichewa Board kuyambira 1972, ndipo kuyambira 1996 ntchito yosamala ziyankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Chomwe ndingapemphe kwa aliyense wokonza ndandanda, kaya ndi bungwe limeneli kaya ndi ofesi yomasulira, n'choti mzere uliwonse ukhale wa tanthauzo limodzi. Pamzerepo palembedwe gawo la ntchito, monga malamulo, masamu kapena zaumoyo, chiganizo chenicheni cha Chingerezi, Chichewa chake, ndi mawu oyenera kupewa pamodzi ndi chifukwa chake. Chikalata chikamasuliridwa, munthu wina yemwe sadaone Chingerezicho achibwezere m'Chingerezi, kenako ziwirizo ziyerekezedwe. Pomaliza chiwerengedwe mokweza kwa anthu angapo omwe chikuwakhudza, ndipo asafunsidwe kuti “mwamva?”, afunsidwe kuti “ndiye mulandira zingati?” kapena “muyamba liti ntchito?”.

Ena amadandaula kuti njira imeneyi imatalikitsa zolemba, ndipo n'zoona. Lamulo loteteza zambiri za anthu la 2024 limatchula “data subject”, mawu awiri okha, pomwe ife tiyenera kunena kuti munthu amene zambiri zake zatengedwa kapena zasungidwa. Pa fomu yokhala ndi timabokosi ting'onoting'ono izi zimavuta. Komabe fomu yopita kwa mwini wakeyo ikhoza kungoti inu, ndipo chikalata chachitali chikhoza kufotokoza kamodzi kumayambiriro, kenako n'kumangoti mwini zambirizo. Mawu amafupika akagwiritsidwa ntchito. Mwininkhani, mnenankhani ndi pamtherankhani adachita kupangidwa ndi anthu, ndipo lero ana amawatchula osaganiza kawiri. Pa kabokosi ka imelo napo palibe vuto, poti kalata ya ntchito ya Chichewa idali kale ndi mutu wake, wolembedwa pansi pa malonje.

Otsala ndi amene amati zonsezi zikadatha ana akadangodziwa Chingerezi bwino. Koma kudziwa Chingerezi bwino n'kudziwa matanthauzo amenewa ndi kuwasiyanitsa, ndipo mwana amawagwira msanga akapatsidwa mayina ake m'chiyankhulo chomwe amaganizira. Wolemba m'kope kuti “subject” ndi phunziro waphunzira gawo limodzi n'kutsekeredwa ena onse. Mphunzitsi wa Fomu 1 akhoza kukonza izi m'phunziro limodzi la mphindi 40. Alembe pabolodi ziganizo zisanu ndi chimodzi: cha ndandanda ya kalasi, cha malamulo a chiyankhulo, cha masamu, cha kalata, cha mfumu ndi cha “subject to”. Ophunzira amasulire chiganizo chilichonse chathunthu m'magulu, osaloledwa kubwereza liwu la Chichewa lomwe agwiritsa kale ntchito. Aphunzitsenso zizindikiro zitatu zoyang'ana asanamasulire. Ngati liwulo latsatiridwa ndi “to”, afunse kuti ndi ntchito iti mwa zisanu zija. Ngati lathera ndi “-ed”, ndi mneni, ndipo nthawi zambiri Chichewa chake chikhala mu msintho wochitidwa. Ngati ndi dzina, aone ngati likunena za munthu kapena za nkhani, chifukwa zimenezi ndi nthambi ziwiri za Chilatini zija, ndipo mawu athu a nthambi imodzi salowa m'malo mwa a inzake.